Galimoto Yomwe Sinabedwe

"Tapendeketsa pang'ono, mkamwini. Yakhota," anatero a Eusebio, ataima kumbuyo kwa pikapu yawo manja ali m'chiuno.

Rigo anali atagwada pasimenti, thukuta likutsikira m'khosi, akumanga mabawuti a nambala puleti yatsopano. Sinali yachitsulo ngati zimene aliyense amazidziwa. Inali yagalasi, ya batire m'kati, ndipo manambala ake ankaoneka ngati olembedwa pafoni.

"Sinakhote, apongozi. Yokhota ndi galimotoyi. Yakalamba."

"Wakalamba ndiwe. Imeneyi inayamba kunyamula mphesa iwe usanamere ndevu."

A Teodoro a nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda, kapu ya khofi ili m'manja. Iwo ndi a Eusebio anali atadulira limodzi mphesa m'minda yonse ya ku Reedley kuyambira ali anyamata, ndipo chipongwe ndiye chinali moni wawo.

"Eusebio, ndiye wagula kanema woti azionera a pambuyo pako? Mpira azionetsanso?"

"Nsanje ikupha, Teo. Iyi ndi mphatso ya mwana wanga. Ine zokaima pamzere kudikira sitika ya msonkho wa chaka ndatsanzikana nazo. Imeneyi imadzisinthira yokha."

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yadya zingati?"

"Ngakhale senti. Kwa ife opuma pantchito ndi yaulere. Si choncho, Mari?"

Marisela, mwana wawo yekhayo, anali ataima pakhonde. "Eya, ababa," anayankha, maso ali pansi.

Pobwerera kwawo ndi mkazi wake Marisela, Rigo anangodikira kuti akhote pakona.

"Yaulere! Pafupifupi madola makumi atatu mwezi ndi mwezi, mpaka zaka zinayi. Pa galimoto yoti ukaigulitsa sungagule ngakhale firiji."

"Sindikugula puleti, Rigo. Ndikugula tulo."

"Ndiye bwanji osawauza kuti chinthuchi chimakuonetsa pomwe ali?"

"Angachizule tsiku lomwelo. Suwadziwa kodi?"

Rigo anapukusa mutu n'kutsegula wailesi.

Mayi ake a Marisela anali atamwalira chaka chapitacho. Chisanu chitafika, tsiku lina la chifunga, a Eusebio anapita kukagula buledi n'kubwera masana, akuti chifunga chinawasokoneza njira. Tsiku lina anasiya nyemba pamoto mpaka utsi unatuluka pawindo. Marisela anawapempha kuti asiye kuyendetsa galimoto, iwo anamuseka. Anawagulira foni, iwo anaiika m'dirowa pamodzi ndi masipuni. Koma pikapuyo inali m'dzina la Marisela kuyambira nthawi ya matenda a mayi ake, chifukwa cha inshuwalansi, choncho kugula puleti ija sikunafune chilolezo cha munthu.

Kuyambira pamenepo Marisela ankawaona bambo ake ngati kadontho kobiriwira pamapu a mufoni. Ku ntchito kwake, ku fakitale yolongedza mapichesi, ankaiika foni pambali pa kompyuta n'kumaisuzumira. Lamlungu kadontho kankapita kutchalitchi, kenako kumsika wa kaunjika. Lachitatu kankaima kumanda. Masabata oyamba Marisela anagonadi tulo.

Kenako kadontho kanayamba kupita ku tauni ya Dinuba, n'kumaima pa nyumba ina yomwe iye sankaidziwa. Kankakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Ababa, lero munayendako?" anafunsa tsiku lina atawabweretsera tamale, chakudya cha ufa wa chimanga chophikira m'makoko.

"Ndipite kuti? Ndinali ndi Teo, tikunena anthu."

Marisela ankadziwa kuti bambo ake akunama, koma akanawatsutsa bwanji osaulula bodza lake? Anawapatsa tamale, iwo anamuyamikira kuti ndi mwana wabwino.

Dzuwa la mu Julaye litakula, puleti inayamba kuonetsa khalidwe lake. Masiku ena manambala ankazimiririka ngati sopo wotha. Masiku ena kadontho kankauma pamalo amodzi, galimoto ili kwina. A Teodoro anapeza poyambira.

"Eusebio, kanema wako watha magetsi. Ndikubwereke kandulo?"

Marisela anaimbira kampani yogulitsa mapuletiwo. Anamusiya akumvera nyimbo pafoni mpaka khutu linatentha, kenako mnyamata wa mawu okoma anamuuza kuti zimenezo zimachitika, imadzikonza yokha.

Tsiku la vutolo linali Lachinayi, mu Ogasiti, mapichesi ali pachimake. M'mawa Marisela anaona kadontho kakutuluka m'tauni, n'kukaima pambali pa ngalande yaikulu yothirira minda. Anaganiza kuti mwina akucheza ndi mnzawo wakale. Koma dzuwa linakwera, kadontho kali pompo. Anaimba foni yakunyumba, sanayankhe munthu. Anaimbira a Teodoro.

"Wachoka m'mamawa, mwanawe. Wavala shati yoyera ndi chipewa chake cha kutchalitchi. Ndamufunsa ngati akukafunsira mbeta, wangonditukwana."

Marisela anatsanzika kwa kapitawo, n'kuthamangitsa galimoto yake mpaka pangalandepo. Panalibe pikapu. Panali mitengo ya maalimondi mbali zonse, fumbi, ndi madzi odzaza mpaka m'milomo, akuthamanga mwakachetechete. M'mphepete munali mikwaso ya matayala. Mwina inali ya thirakitala, mwina ayi. Anayenda chokwera, anayenda chotsika, akuitana, "Ababa! Ababa!" Palibe chinamuyankha.

Anaimbira apolisi. Mayi amene anayankha anafunsa modekha ngati adokotala ananenapo kuti bambowo ali ndi matenda oiwala. Marisela anati ayi. Mayiyo anati alemba, auza anzawo amene ali pamsewu, koma munthu wamkulu amene wachoka pakhomo pake m'mawa womwewo amakhala ndi ufulu woyenda.

Anaimbira Rigo, yemwe anali padenga la nyumba ya eni ake akukhoma misomali.

"Mari, chinthucho chauma monga mwa masiku onse. Dekha. Abwera."

"Nanga akakhala ali pansi pa madziwa?"

"Ukuona galimoto m'madzimo?"

"Madziwa ndi akuda, Rigo!"

"Ndipatse kanthawi nditsike, tifufuze limodzi. Usachite chilichonse."

Marisela anadula foni. Pansi pa mapu paja panali kabatani kofiira komwe anali asanakakhudzepo, konenera kuti galimoto yabedwa. Ankadziwa ntchito yake: manambala amachoka, papuleti n'kulembeka mawu aakulu oti aliyense wa pambuyo awerenge. Anaganiza kuti ngati pikapuyo ili pamsewu uliwonse m'chigwa muno, wina aiona. Ngati palibe aione, ndiye kuti ili m'madzi. Anadina. Foni inamufunsa ngati akutsimikiza. Anadinanso.

Anakhala pansi pafumbi. Sipanapite nthawi, kadontho kanadzuka. Kanalumpha kuchoka pangalande kukafika kutali, pamsewu waukulu wochokera ku Visalia, ndipo kankayenda bwinobwino kulowera kunyumba. Marisela anaseka, misozi ikutuluka. Kenako anakumbukira chimene anachita. Anafufuza pofufutira. Foni inati adikire. Kanthu kozungulira kanazungulira, kanazungulira, osatha. Anatseka, anatsegulanso, inati adikire. Ali mkati molimbana nayo, kadontho kanaima pambali pa msewu.

Atafika anapeza magalimoto awiri apolisi, magetsi akuphethira. A Eusebio anali atakhala pabampala ya pikapu. Chipewa chinali pansi. Thalauzi lawo la kutchalitchi linali litang'ambika pabondo limodzi, ndipo mawondo onse anali akuda ndi phula. Pafupi ndi mutu wawo, papuleti, panali polembedwa mawu aakulu: YABEDWA. Pamthunzi wa galimoto yapolisi panakhala mayi wachikulire, diso limodzi lomatidwa ndi bandeji, atakumbatira chikwama chake.

"Ndinu mwini wake?" anafunsa wapolisi wina, mnyamata wa msinkhu wa Marisela yemweyo. "Woyendetsa thiraki ndi amene watiimbira. Galimoto ikalembedwa chonchi timatsata malamulo ake, mayi, sitingadziwe amene ali m'katimo. Koma m'makina mwathu mulibe dandaulo lililonse la kuba. Munanena ndinu kuti yabedwa?"

A Eusebio anadzutsa mutu kumuyang'ana mwana wawo.

"Puletiyi yakhala ikuvuta," anatero Marisela. Mawuwo anatuluka okha, osalala. "Mwezi wathawu ndinawaimbiranso a kampani."

Wapolisi anagwedeza mutu. "Mukaibweze. Tsiku lina idzaphetsa munthu."

Anapepesa kwa a Eusebio, anawatolera chipewa. Iwo anachilandira, n'kupita kwa mayi aja kukawagwira mkono.

"Awa ndi mayi Amparo," anatero osamuyang'ana Marisela. "Ndinawaperekeza kuchipatala cha maso. Uwatengere kwawo ku Dinuba pagalimoto yako. Ine ndibwera pambuyo."

Ulendo wonse mayi Amparo ankangolozera njira. Marisela anachita ngati sakuidziwa.

Rigo anaichotsa puleti madzulo omwewo n'kubwezera yachitsulo. Kampani inati ngati akufuna kusiya mgwirizano alipire miyezi yonse yotsala. Koma pikapu sinatulukenso pageti. Lamlungu linadutsa, Lachitatu linadutsa, masamba anayamba kuunjikana pagalasi.

Loweruka Marisela akutsika m'galimoto, a Teodoro anamukodola pampanda. Chipongwe chinali chitawathera.

"Mwana wa mayi uja anabwera kuno," ananong'ona. "Chimunthu chonchi, chokonza mathiraki. Anaima pakhomopo n'kumakalipa msewu wonse ukumva. Akuti mayi ake atsala pang'ono kuwomberedwa chifukwa cha nkhalamba yosokonezeka mutu. Akuti asadzapondenso ku Dinuba. Ndipo bambo ako, Eusebio amene ndikumudziwa ine, sanayankhe ngakhale liwu limodzi."

Marisela anawapeza bambo ake kukhitchini, atakhala patebulo popanda chakudya. Anali asanamete.

"Khala apa, Mari."

Anakhala.

"Tsiku lija m'mawa ndinatsuka galimoto. Ndinkafuna ioneke bwino. Puleti ija ndinaipukutanso ndi kansalu. Ili ndi kabatani m'mbali, ukukadziwa? Ndakhala ndikuganiza. Mwina ndinakadina. Mwina ndinakadina kangapo."

"Ababa, kabatani kameneko si…"

"Ndileke ndimalize. Chimene chikundiopsa si kudinako. N'chakuti sindikukumbukira. Ndimagona ndikufufuza m'mutumu, mulibe. Za chifunga zija ndinakukanira, za nyemba ndinakukanira. Koma pano ndazunzitsa mzimayi wa eni ake pamsewu, atangochoka pampeni wa dokotala." Anapisa m'thumba, anatulutsa makiyi, n'kuwaika m'dzanja la Marisela. Anapinda zala zake ndi dzanja lawo lokhakhala. "Unkanena zoona, mwana wanga. Undipezere dokotala wa mutu. Ndisanaphe munthu."

Marisela anaimirira. Anawaphikira khofi, anatsuka mbale zomwe zinali zoyera kale, n'kuchoka ndi makiyi m'chikwama.

Rigo anamvetsera nkhani yonse akuvula nsapato.

"Ndiye vuto lili pati? Si zimene unkafuna chaka chonsechi? Asiya okha, popanda ndewu."

"Akuganiza kuti apenga, Rigo."

"Adokotala akawauza kuti ali bwino. Madzi akatayika saoleka, Mari. Ukaulula upindula chiyani? Makiyi atenganso, iwe sadzakukhulupiriranso, ndipo tulo tako tija tathera pomwepo. Ine sindinena kanthu. Puleti ilibe pakamwa."

"Unandiuza kuti ndisachite chilichonse."

"Ndinakuuza. Koma walira mvula walira matope. Ingopirira."

Anapirira mpaka pakati pa sabata. Ku ntchito anasokoneza maoda, mapichesi a ku Sacramento anapita ku Bakersfield, kapitawo anamufunsa ngati akudwala. Lachitatu masana anadutsa kwa bambo ake ndipo anawaona ali pakona, padzuwa, atanyamula maluwa m'pepala, akudikira basi yopita kumanda. Basi ya njira imeneyo inkabwera mwa apo ndi apo. Anali atawerama ngati munthu amene wakalamba m'sabata imodzi yokha.

Anaimika galimoto. "Kwerani, ababa."

Sanapite kumanda. Anakhota n'kuima pansi pa mtengo kuseri kwa sitolo, anazimitsa injini, n'kutulutsa foni. Anawaonetsa mapu. Anawaonetsa mndandanda wa maulendo awo onse kuyambira tsiku lomanga puleti: tchalitchi, msika, manda, Dinuba, Dinuba, Dinuba. Anawaonetsa kabatani kofiira.

"Simunadine kanthu, ababa. Ndinadina ndine. Chinthuchi chinandionetsa kuti muli pangalande, ndinapita, sindinakupezeni, ndinaganiza kuti mwamira. Ndipo sichinali chaulere. Ndinachigula kuti ndizikuonani."

A Eusebio anaitenga foni, anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa. Anayendetsa chala pang'onopang'ono pamaulendo awo.

"Ndiye pamene unkandifunsa kuti ndayendako, unkadziwa."

"Eya."

"Ndipo wapolisi uja atakufunsa, ine nditakhala pamenepo ndi mawondo anga."

"Eya, ababa."

"Ndipo Loweruka, nditakupatsa makiyi. Unawalandira."

Marisela anaweramira kutsogolo. Analira ngati mwana, chipumi chili pachiwongolero. A Eusebio sanamugwire paphewa monga ankachitira. Anayang'ana kutsogolo, maluwa ali pamiyendo.

"Mantha ndikuwamva," anatero a Eusebio. "Mayi ako atadwala inenso ndinkadzuka kukamvetsera ngati akupuma. Ukanabwera n'kunena kuti ababa ndikuopa, tikanakangana, mwina ndikanakutukwana, koma tikanapeza njira. Koma iwe unandisiya masiku onsewa ndikudzifufuza m'mutu ngati munthu wotaya ndalama m'nyumba yamdima. Chimenecho ndiye sindikudziwa pochiika."

"Ndikhululukireni."

"Ndikukhululukira, ndiwe mwana wanga, ndingakutaye kuti? Koma si lero. Bweretsa makiyi."

Anawapatsa.

"Kwa dokotala ndipitabe. Za nyemba zija zinachitikadi, sunazipeke ndiwe. Akanena kuti ndisiye, ndisiya, koma anene ndi iye, ine ndili pomwepo. Ndipo pali anthu ena amene ukuyenera kuwauza zimene wandiuzazi. Njira ukuidziwa bwino."

Anatsika, anatseka chitseko mosamenyetsa, n'kuyenda wapansi kubwerera kunyumba.

Marisela anapita ku Dinuba tsiku lotsatira ataweruka. Amene anatsegula chitseko anali mwana wa mayi Amparo, manja ali ndi girisi, ndipo sanamuuze kuti alowe. Marisela ananena zonse ataima pakhonde pomwepo. Mwamunayo anamvetsera nsagwada zili gwa.

"Ndiye wosokonezeka mutu ndi inuyo," anatero.

"Ndi ineyo."

"Mukudziwa kuti akanakhoza…"

"Efraín, tachoka pakhomopo," anatero mawu kuchokera m'kati. "Bwerera ku thiraki yako. Iwe mwanawe, lowa."

Mayi Amparo anali atakhala pafupi ndi windo, bandeji itachotsedwa, atavala magalasi akuda. Anamulozera mpando.

"Ndamva zonse, makutu anga alibe ng'ala. Tsopano umve zanga. Apolisi atatiimitsa, anakuwa kuti woyendetsa atuluke manja ali m'mwamba, ayende chafutambuyo, agwade. Bambo ako anachita zonse. Phula linkatentha lija, anagwada. Ankangonena kuti, 'Mayiwo musawaopseze, achoka ku opaleshoni, mayiwo musawaopseze.' Atazindikira kuti si wakuba, anamuuza kuti adzuke. Analephera. Anayesa kawiri, mawondo anakana. Anachita kumunyamula m'khwapa anyamata awiri, ine ndikuona ndi diso langa limodzi. Anandipempha kuti ndisadzakuuze. Koma ndaona kuti ndi katundu wako, usenze."

Marisela anagwedeza mutu. Sanapukute misozi.

"Mayi, chonde, musawasiye chifukwa cha ine. Mukawalola kuti azibweranso…"

"Iii, taonani mwanayu! Sunaphunzirebe?" Mayi Amparo anaseka pang'ono, kuseka kopanda nkhanza. "Zoti abwera kapena sabwera ndi za iye ndi ine. Si za Efraín, si zako. Wabwera kudzapepesa, wapepesa, ndalandira. Kwinako tisiyire eni ake."

Anamupatsa madzi ozizira a mandimu, anamufunsa za ntchito yake ndi za mwamuna wake, kenako anamuuza kuti azipita kusanade.

Pobwerera Marisela anaima pa sitolo n'kulipira kampani ija miyezi yonse yotsala kudzera pafoni, kenako anafufuta mapu aja. Anadzera kwa bambo ake kuti akawauze kuti wapita ku Dinuba. Geti linali lotsegula, pikapu panalibe. A Teodoro anali kuthirira tomato wawo.

"Ukufuna kudziwa komwe wapita?" anafunsa. "Wandiuza."

Marisela anaima kanthawi, dzanja lili pageti.

"Ayi, a Teo. Akabwera mungowauza kuti ndinadutsa."

Anakankha geti kuti agalu asalowe, koma sanalikhome, n'kupita kwawo.